Dizilo kapena petulo pokoka ngolo ya mbatatesi?

Achimwene, mwafunsa pikapu yoyenera kukoka ngolo ya mbatatesi kuchoka ku Lizulu kutsikira ku Golomoti. Tengani ya dizilo.

Chachikulu ndi mphamvu yokokera injini isanalire kwambiri. Hilux ya dizilo ya 2.4 GD-6 imapereka 400 Nm (muyezo wa mphamvu yokokera) kuyambira pa 1,600 rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi), pomwe ya petulo ya 2.7 imafika 245 Nm yokha, ndipo mpaka muikwiyitse kufika cha m'ma 4,000 rpm. Pachitunda ya petulo mumangoitsitsa magiya, phazi lili pansi, apo ndiye mafuta amathera. Lita ya dizilo nayonso ili ndi mphamvu zambiri kuposa ya petulo.

Koma dizilo safuna madzi ngakhale pang'ono. Mafuta a m'zigubu amapha ma injector (zipangizo zopopera mafuta mu injini), okwera mtengo zedi. Nyali ya fyuluta ikayaka, masulani kampopi ka pansi pa fyulutayo madziwo atuluke. Mukamaliza chitunda, injini ilire kaye mphindi ziwiri musanaizimitse kuti turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini) izizire.

Potsika Khwekhwelere ikani giya 2 musanayambe kutsetsereka. Mukadalira mabuleki okha amatentha, kununkha, kenako osagwiranso. Ngolo yoposa makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki akeake.