Kodi ndani amayang'anira ndalama za gulu lathu lothandizana?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Mayiwa ali m'gulu la anthu 34 lomwe linayamba ngati losonkherana pa maliro, koma pano limabwereketsanso ndalama ngati banki mkhonde. Akuti msungichuma wawo amasunga ndalama zonse pa foni yake, ndipo pogawana chaka chatha ndalama zinaperewera popanda wina wofotokoza zomveka. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi Reserve Bank kapena boma limayang'anira magulu ngati lathuli? Nanga ndalama zikasowa tikadandaule kuti?"

Mayi, ndiyambe ndi yankho lomwe mwina silikukomerani. Monga mmene gulu lanu lilili panopa, palibe ofesi ya boma imene idzabwere kudzaona mabuku anu, ndipo ndalama zikasowa palibe thumba la boma limene lingakubwezereni. Lamulo la Financial Services Act la 2010 linapereka kwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi udindo wa Registrar of Financial Institutions (wolembetsa ndi kuyang'anira mabungwe a zachuma), ndipo pansi pa udindo umenewu pali mabanki, makampani a inshuwalansi, mathumba a penshoni, mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono komanso ma SACCO (magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama olembetsedwa mwalamulo). Chipereganyu, banki mkhonde ndi magulu osonkherana pa maliro, malinga ngati akungozungulitsa ndalama za mamembala okhaokha, salowa m'kaundula ameneyu.

SACCO ndiye mbale weniweni wa gulu lanu, chifukwa nayonso ndi ya mamembala omwe amasunga ndi kubwerekana okha, ndipo pa msonkhano membala aliyense amaponya voti imodzi kaya ali ndi masheya ochuluka kaya ochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti SACCO imalembetsedwa ngati kopaletivi, ndipo kuyambira pomwe lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 linakhazikitsidwa, imayeneranso kukhala ndi chiphaso chochokera kwa Registrar. Chiphasocho chimadza ndi goli lake: kutumiza malipoti, kulola akatswiri a kunja owerengera chuma kuunika mabuku chaka chilichonse, kupatula ndalama zina zosabwereketsa, ndi kuchititsa msonkhano waukulu wa pachaka. Registrar ali ndi mphamvu zokayendera SACCO ngakhalenso kuilanda chiphaso. Bungwe la MUSCCO, lomwe linayamba mu 1980 ndipo likulu lake lili kuno ku Lilongwe, ndilo limasonkhanitsa ma SACCO ndi kuwaphunzitsa kayendetsedwe ka zinthuzi.

Tsono popeza woyang'anira wa kunja mulibe, woyang'anira wake ndinu eni ake, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Njira ya banki mkhonde imene inafala m'Malawi muno inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo amene anaikonza ankadziwa kuti kumudzi sikudzafika woyendera mabuku. N'chifukwa chake anaika chitetezo m'kati mwa dongosolo lenilenilo. Bokosi limakhala ndi maloko 3, makiyi ake ali ndi anthu 3 osiyana, ndipo wosunga bokosi sakhala ndi kiyi. Bokosilo limatsegulidwa pa msonkhano pokha, ndalama n'kuwerengedwa mokweza aliyense akuona. Gulu silikula kwambiri, kawirikawiri sapitirira anthu 25 kapena 30, kuti aliyense azidziwa amene wakongola. Ndipo kugawana kwa pakutha pa chaka si chisangalalo chabe, ndiyo nthawi imene ngongole zonse zimabwezedwa n'kuonekera poyera ngati za m'buku zikugwirizana ndi za m'bokosi.

Onani tsopano zimene zinachitika kwa inu. Pamene ndalama zinasamukira pa Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma, maloko 3 aja analowedwa m'malo ndi nambala yachinsinsi imodzi yodziwika kwa munthu mmodzi. Sindikunena kuti msungichuma wanu ndi wakuba ayi, poti munthu wokhulupirika nayenso amasokoneza ndalama za gulu ndi za pakhomo zikakhala pa nambala imodzi. Lero wagulira magetsi, mawa walipirira mwana sukulu, akuganiza kuti abweza tsiku la msonkhano lisanafike. Kusunga ndalama zambiri m'bokosi m'tauni muno n'koopsadi chifukwa cha akuba, choncho sindikukuuzani kuti mubwerere ku bokosi. Chofunika n'kutsegula akaunti m'dzina la gulu, yokhala ndi osayinira 3, yoti ndalama zisatuluke popanda anthu osachepera 2, ndipo sitetimenti yake iziwerengedwa pa msonkhano uliwonse ndi membala amene si wa komiti. Kubanki adzakufunsani malamulo olembedwa a gulu ndi zokambirana za msonkhano umene munasankha osayinirawo, ndiye ngati malamulo anu ali a pakamwa, yambirani pomwepo.

Chinanso chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu n'chakuti ndalama za maliro ndi za ngongole mukuziphatikiza. Ngongole imadikira tsiku lake, pamene imfa siichenjeza, ndipo n'zochititsa manyazi kuti namfedwa wasonkha zaka zonsezi koma tsiku la zovuta akuuzidwa kuti ndalama zili m'manja mwa okongola. Thumba la maliro likhale ndi buku lakelake ndipo lisabwereketsedwe. Muonenso ngati chipepeso chimene munagwirizana kale chikukwanabe, pakuti kuchokera pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa bokosi la maliro ndi galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi sulinso pomwe unali.

Pa nkhani yodandaula, kusalembetsedwa kwa gulu sikupatsa munthu ufulu wodya ndalama za anzake. Kuba ndi mlandu umene mungakanene kupolisi, ndipo wokana kubweza ngongole mungamusumire ku khoti la majisitireti, ngakhale ambiri amayamba akhala pansi ndi amfumu a m'dera kapena akuluampingo, zomwe n'zanzeru pakati pa anthu oyandikana nyumba. Kulikonse kumene mungapite adzafuna umboni, ndipo umboni wake ndi buku losayinidwa ndi wokongola komanso mboni, osati mauthenga a pa WhatsApp omwe ena anawafufuta kale.

Pali malire amene simuyenera kuwalumpha. Mukayamba kulandira ndalama za anthu omwe si mamembala n'kumawalonjeza phindu, kapena kukongoza anthu a kunja ngati bizinesi, mwalowa m'ntchito imene lamulo la Microfinance Act la 2010 ndi malamulo ena a zachuma amafuna chiphaso. N'chimodzimodzinso kugulitsa kwa anthu wamba lonjezo la thandizo la maliro posinthana ndi ndalama za pamwezi, chifukwa imeneyo ndi inshuwalansi. Ngati gulu lafika pa msinkhu wotero, kafunseni ku MUSCCO za kulowa SACCO imene ilipo kale, poti kwa anthu 34 kuyambitsa yanuyanu kungakulemereni.

Pa msonkhano ukubwerawu musaloze chala msungichuma. Pemphani kudzera kwa apampando kuti abweretse sitetimenti ya nambala yawo kuyambira tsiku limene munagawana komaliza, ndipo musankhe mamembala 2 omwe si a komiti kuti aifananize ndi buku, tsiku ndi tsiku, nonse muli pomwepo.