Kodi kampani yachitatu ya intaneti itsitsa mtengo wa bandulo?

Achimwene ena a ku Kasungu omwe amachita bizinesi yosindikiza ndi kulembera anthu makalata pa kompyuta anditumizira imelo, funso lawo mwachidule ndi ili: "Bwanji bandulo imadula chonchi kuno ku Malawi? Kodi boma likanangolola makampani ambiri kubwera si bwenzi mitengo itatsika? Nanga Starlink bwa, ndigule?"

Zikomo achimwene. Maganizo anu oti makampani akachuluka mtengo umatsika ndi oona ndithu, koma vuto lathu silinakhalepo la malayisensi. MACRA, bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, inapereka kale layisensi kwa G-Mobile, inaperekanso kwa Celcom, onsewo sanayambe n'komwe kugulitsa simukhadi ngakhale imodzi. Mu 2022 tinamvanso za kampani ina yopatsidwa layisensi, Malcel. Pepala lokha silimanga nsanja ya netiweki. Ndiye msika wa pafoni mpaka pano uli m'manja mwa awiri, TNM yomwe inayamba mu 1995 ndi Airtel, yomwe inabwera mu 1999 ngati Celtel kenako Zain kenako dzina lomwe tikulidziwa panoli kuyambira 2010. Alipo ena ogulitsa intaneti ya m'maofesi ndi m'nyumba m'matauni akuluakulu, MTL ndi anzawo, koma munthu wamba kumudzi intaneti yake ndi ya pafoni basi.

Pakakhala ogulitsa awiri okha safunika kukumana kuseri kuti agwirizane mtengo ayi. Aliyense amangoyang'ana mnzake, wina akakweza winayo amadziwa kuti naye atha kukweza osathawidwa, wina akatulutsa bandulo ya usiku mawa lake mnzake watulutsanso yake dzina lokha ndi losiyana. Ali ngati amayi awiri ogulitsa tomato pa siteji yomwe palibe wachitatu, mulu umakhala wofanana, mtengo wofanana, amasiyana pa basela pokha. Bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC lilipo inde, koma kulanga anthu omwe sanapangane kanthu n'kovuta.

Tsopano chifukwa chomwe wachitatu amalepherera kulowa, apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Intaneti imabwera ndi zingwe za faiba zodutsa pansi pa nyanja yamchere, monga SEACOM yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy mu 2010, ndipo zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam, Maputo ndi madoko ena. Ife nyanja yamchere tilibe, ndiye aliyense wogulitsa intaneti kuno amalipira kuti idutse m'maiko a aneba monga Tanzania ndi Mozambique, ndipo amalipira mu madola. Zida za pansanja amagula kunja mu madola, mabatire madola, dizilo wa jenereta magetsi akazima nayenso amalowa m'dziko ndi madola, pomwe inu bandulo mumagula mu kwacha, ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, tangoganizani munthu yemwe anali ndi pulani yomanga netiweki yatsopano dziko lonse masamu ake anathera pati. Akale aja nsanja zawo anamanga kalekale, watsopano akuyenera kuyamba pa ziro pa nthawi yomwe forex ikusowa m'mabanki. Onjezerani msonkho: kuyambira 2015 boma limadula 10 peresenti ya excise pa intaneti ndi mameseji, pamwamba pake VAT. Pa bandulo iliyonse mukugula, MRA ikudya nawo, ndipo andale akamakalipira makampani pa msonkhano gawo limeneli salitchula kawirikawiri.

Chinanso chomwe anthu sachiwerengera ndi ife eni ake ogulafe, kuchoka sikophweka. Nambala yanu makasitomala onse a ku Kasungu amaidziwa, ili pa chikwangwani cha shopu, ndalama amakutumizirani pa Airtel Money kapena Mpamba, gulu la banki m'khonde limagwiritsa nambala yomweyo. Kampani yatsopano itabwera lero ndi bandulo yotchipa mungagule simukhadi yawo inde, koma yakaleyo simungaitaye, ndiye akale aja mantha awo amakhala ochepa.

Koma sikuti sizitheka. Tayang'anani aneba athu ku Mozambique. Kunali mcel ndi Vodacom, mu 2012 kunabwera Movitel yomwe mwini wake wamkulu ndi Viettel ya ku Vietnam, iwo aja sanabwere ndi pepala chabe, anakoka faiba yawoyawo n'kulowa m'maboma akumidzi komwe anzawo sankafikako, ndipo akalewo anadzuka kutulo. Ku India nako Jio italowa mu 2016 mtengo wa intaneti unagwa koopsa mpaka makampani ena anatseka, ena anaphatikizana, koma kumbuyo kwa Jio kunali Reliance, chimphona cha ndalama chomwe chikanatha kuluza zaka zingapo osagwa. Wachitatu wothandiza ndi wotero, wa thumba lakuya. Wongobwera kudzagula intaneti kwa akale omwewo n'kumagulitsanso sangawapose pa mtengo, zingatheke bwanji poti oda amakatenga kwa mdani wake.

Kuno kwathu chomwe chinagwedezako mitengo mooneka bwino ndi phokoso la anthu, kampeni ya Data Must Fall ya mu 2020 ija, pambuyo pake makampani anatsitsa mtengo wa intaneti yodya mayunitsi mwachindunji opanda bandulo. Ine ndimaona kuti MACRA itamalimbikira zoti makampani azibwerekana nsanja pa mtengo wabwino komanso faiba ya ESCOM ndi ya boma izigulitsidwa motchipa kwa aliyense wofuna, tingaone kusintha kuposa kulengeza layisensi ina pa wailesi.

Za Starlink. Inayamba kugwira ntchito kuno mu July 2023, ndipo ubwino wake ndi woti sidalira chingwe cha ku Dar es Salaam kuti ifike pakhomo panu kapena nsanja ya aliyense, imachokera ku setilaiti. Malodge a kunyanja, masukulu ndi maofesi a kutali ndi tauni yawathandiza kwambiri, ndipo omwe akumva kutentha ndi ogulitsa intaneti ya m'maofesi aja. Koma musayembekeze kuti itsitsa bandulo ya tsiku yomwe mwana wa sukulu amagula kuti aone WhatsApp, ameneyo sangagule chimbale cholandirira intaneti ya Starlink, ndipo kunyumba kwawo mwina kulibe ndi magetsi omwe.

Kwa inu a bizinesi ndiye chitani masamu kaye. Lembani ndalama zonse za bandulo zomwe mumawononga pa mwezi, yerekezani ndi malipiro a pamwezi a Starlink kuphatikiza mtengo wa zida mutaugawa pa miyezi 24, musaiwale sola kapena batire chifukwa magetsi akathima nayonso imathima. Ngati muli nokha mwina sizikutulukirani, koma ngati pa mzere wa mashopu anuwo muli anayi kapena asanu oti musonkherane zitha kutheka, bola muwerenge kaye malamulo a phukusi lomwe mukugula, chifukwa kugulitsa intaneti kwa anthu ena kumafuna chilolezo cha MACRA.