Musanalipire kosi ya TEFL ya madola 40 ija, werengani izi achemwali

Achemwali a ku Mufakose, Harare muno, mwafunsa ngati kosi ya TEFL (yophunzira kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a zinenero zina) ya maola 120 imene mwaiona pa Facebook pa mtengo wa madola 40 ingakupezetseni ntchito yophunzitsa Chingerezi ku Korea kapena pa intaneti, popeza muli ndi digiri ndi pasipoti ya Zimbabwe. Ndalamayo isungeni kaye. Satifiketi ya kosiyo mwina adzakupatsanidi, koma olemba ntchito amayamba kuyang'ana zina.

Choyamba ndi pasipoti. Viza ya aphunzitsi a Chingerezi ku South Korea, yotchedwa E-2, kwenikweni imapatsidwa kwa nzika za mayiko 7: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Zimbabwe ndi Malawi mulibemo. Munthu wa m'tauni muno amene akukulonjezani Korea n'kumati mupereke kaye ya mafomu, ameneyo akufuna kukudyerani basi. Mayiko ngati Thailand, Vietnam ndi Cambodia amalemba anthu a mapasipoti ngati athuwa, koma sukulu zolongosoka zimafuna digiri, police clearance (kalata ya kupolisi yosonyeza ngati munapalamulapo mlandu), ndipo kawirikawiri umboni wa mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEIC. IELTS imalembedwa kudzera ku British Council konkuno ku Harare, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha, choncho musathamangire kulemba zina zisanakonzeke.

Mapepala nawo ali ndi ulendo wake. Zimbabwe sili m'pangano la apostille, lomwe mayiko amalandirana zikalata ndi chidindo chimodzi chokha, motero digiri imadutsa kwa loya wotsimikizira zikalata, kenako ku unduna wa zakunja, kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko lomwe mukupitalo. Amene anaphunzira ku Malawi zimawapepukira pang'ono chifukwa Malawi ili m'panganoli, bola dziko lolandiralo likhalenso momwemo, monga China kuyambira 2023. Ndipo onetsetsani dzina lanu. Ambirife maina a makolo athu analembedwa mosiyanasiyana pa chiphaso cha kubadwa, pa satifiketi ya ZIMSEC ndi pa pasipoti. Chilembo chimodzi chokha chingakubwezeni pa windo.

Tsopano kosiyo. TEFL si dzina la bungwe ayi, ndi chidule chabe cha ntchito yophunzitsa Chingerezi kwa anthu a zinenero zina. Palibe bungwe limodzi loyang'anira makosi onse, n'chifukwa chake aliyense amatha kutsegula tsamba n'kumagulitsa satifiketi. Yotchipa ija nthawi zambiri imakhala yowerenga nokha n'kumasankha mayankho, osaimapo pamaso pa wophunzira ngakhale mmodzi.

Makosi amene amadziwika pafupifupi kulikonse ndi awiri. CELTA ndi ya Cambridge: maola pafupifupi 120, masabata 4 kapena 5 ngati mukuphunzira tsiku lonse, kapena miyezi ingapo ngati mukuchita pang'onopang'ono. M'kati mwake mumaphunzitsa anthu akuluakulu enieni maola 6, m'magulu awiri osiyana msinkhu wa Chingerezi, mlangizi atakhala kumbuyo akulemba. Mumaoneranso aphunzitsi odziwa ntchito maola ena 6, ndi kulemba ntchito 4 za mawu 750 mpaka 1,000 iliyonse. Ntchito ikabwezedwa mumaloledwa kuikonza kamodzi kokha. Zotsatira ndi Pass, Pass B, Pass A, kapena kulephera kumene. Winayo ndi CertTESOL ya Trinity College London, ya maola osachepera 130, nayonso yokhala ndi maola 6 ophunzitsa moyesedwa. Iyi ili ndi chinthu chimodzi chabwino kwambiri: amakuphunzitsani chinenero chimene simunachimvepo, popanda kumasulira, kuti mulawe mmene wophunzira wanu amamvera. Onse awiri amafuna zaka 18 kupita m'tsogolo ndi Chingerezi cha pamwamba, ndipo amayamba akuyesani polemba ndi pocheza nanu asanakulandireni. Kosi yongolandira aliyense wolipira muziikayikira.

Mtengo ndiye wowawa, umapitirira madola 1,000. CELTA imachitika ku Johannesburg ndi ku Cape Town, komanso kuyambira 2020 mukhoza kuichita yonse pa intaneti muli pakhomo, ophunzira enieni akulowa pa Zoom. Ngati ndalama imeneyo palibe pakadali pano, tengani ya maola 120 yokhala ndi mlangizi wamoyo wochonga mapulani anu, ndipo kuphunzitsako mukufunire nokha. Harare muno muli anthu ochokera ku Congo, ku Mozambique ndi ku China ofuna Chingerezi cha pamsika ndi cha ku ofesi. Sonkhanitsani anthu 4 kapena 5, muziwaphunzitsa kawiri pa sabata, muzijambula phunzirolo pa foni atakulolani, n'kumaonera nokha madzulo.

Mukamaonera mudzapeza zimene zimagwetsa ambiri, makamaka amene anaphunzitsapo kale kusukulu. Mwana wa fomu 3 ku Highfield amamva Chingerezi pa wailesi, m'kombi, ku tchalitchi, ndipo akasokonezeka mumamuponyera Chishona. Munthu wa ku Vietnam alibe zonsezo, ndipo inu ndi iye mulibe chinenero china chokumanirapo. Vuto loyamba ndi kulankhula kwambiri. Mphunzitsi amafotokoza mphindi 20, ophunzira ali duu, akugwedeza mitu mwaulemu, pomwe iwo ndi amene analipira kuti alankhule. Malangizo akhale a mawu ochepa, muonetse chitsanzo, muwaike awiriawiri, inu mukhale chete muzimvetsera ndi kulemba zolakwika zoti mukonze pamapeto.

Lachiwiri ndi funso lakuti "Do you understand?" Aliyense amavomera, womva ndi wosamva yemwe. M'malo mwake mumafunsa funso laling'ono loti yankho lake lionetse ngati tanthauzo lalowa. Mwalemba pa bolodi "I have lived in Harare for ten years." Funsani: "Do I live in Harare now?" Yankho ndi inde. Kenako lembani "I lived in Harare for ten years" n'kufunsanso funso lomwelo. Yankho ndi ayi. Wophunzira waona yekha kusiyana kwake popanda ulaliki wa galamala. Koma kuti mufunse chonchi muyenera kudziwa nokha chifukwa chake ziganizozo zikusiyana, ndipo apa m'pamene anthu olankhula Chingerezi bwinobwino amagwira njakata. Kulankhula n'kwina, kufotokoza n'kwina. Chilichonse chimene mukuphunzitsa muchikonzekere patatu: tanthauzo lake, kapangidwe kake, ndi katchulidwe kake. Ambiri amalumpha chachitatuchi.

Katchulidwe tisabisane. Chichewa ndi Chishona zili ndi mavawelo 5, pomwe Chingerezi cha ku Britain chili ndi pafupifupi 20. N'chifukwa chake bed, bad ndi bird timazitchula ngati mawu amodzi, ship ndi sheep chimodzimodzi. Ife Achewa tilinso ndi nkhani ya l ndi r, yomwe imavutanso ophunzira a ku Japan, ndiye mphunzitsi akazisakaniza palibe wokonza mnzake. Simukufunika kulankhula ngati munthu wa ku London, ndipo kudzikakamiza kutero kumangomveka moseketsa. Chofunika n'chakuti mawu osiyana amveke osiyana, ndipo mphamvu igwere pa silabulo yoyenera. Phunzirani tchati cha zizindikiro za katchulidwe musanayambe kosi. Komanso musadziderere: munthu amene anachita kuphunzira Chingerezi amadziwa pamene pamaterera, zomwe wobadwa nacho sazindikira msanga.

Za pa intaneti, musamvere nkhani zakale. Mu July 2021 boma la China linakhwimitsa malamulo a maphunziro apadera a ana, ndipo makampani amene ankalemba aphunzitsi akunja ambirimbiri anatseka mbali imeneyo. Zotsala kwa ife ndi misika ngati Preply ndi italki, kumene mumadziikira mtengo nokha, iwo n'kumadula gawo lawo pa phunziro lililonse. Kumeneko chimene chimakoka wophunzira ndi kavidiyo kanu kodzidziwitsa ndi ndemanga za ophunzira oyamba, choncho miyezi yoyamba ndalama imakhala yochepa. Sankhani mbali imodzi, monga kukonzekeretsa anthu IELTS kapena Chingerezi cha anamwino, kusiyana n'kungolemba kuti mumaphunzitsa chilichonse.

Werengeraninso nthawi ndi magetsi. Tokyo ndi Seoul ali patsogolo pathu ndi maola 7, Beijing 6, Bangkok ndi Hanoi 5. Wophunzira wa ku Tokyo woweruka 7 koloko madzulo amakupezani 12 koloko masana, nthawi imene magetsi amakonda kukhala atathima m'malokeshoni. Phunziro likaduka kawiri katatu, wophunzira amapita kwa wina ndipo dzina lanu limatsika pa mndandanda. Pamafunika laputopu ya batire yolimba, batire ina kapena sola yaing'ono ya rauta, laini yachiwiri ya kampani ina ya mafoni, ndi mahedifoni okhala ndi maikolofoni, poti phokoso la pabwalo limalowa lonse. Ndipo musanalembetse kulikonse, onani njira imene amalipirira. PayPal yolembetsedwa ku Zimbabwe yakhala ikutumiza ndalama koma osalandira, choncho ambiri amadalira Payoneer. Tsegulani akauntiyo, itsimikizidwe ndi dzina lofanana ndendende ndi la pa pasipoti, kenako muyambe kulandira ophunzira.