Za ana pa jeti mundifunse ine

Eee sisi, pongowerenga kuti mukufuna kupita ndi ana ku paki ya kunyanja ya mchereko mpaka pa jeti ya asodzi, kamlatho kolowa m'nyanja kaja, thupi langa lachita tsemwe. Pakiyo ilibe vuto, kapinga, mabenchi, akatungwe, zonse bho. Nkhani ili pajetipo.

Ife tinafika cha m'ma 5 madzulo madzi akudzaza, nthawi yomwe nsomba zimadya kwambiri nyambo, ndiye asodzi anali thithithi mbali zonse. Mwana wanga wa zaka 7 anangoima kumasuzumira mundowa ya nsomba, bambo wina osacheuka n'komwe kukoka ndodo chakumbuyo kuti aponye, ndinangomva fyuu kenako kukuwa. Mbedza yalowa pakhutu, kumtunda kolimba kuja, nyambo yonunkha ili lende, kamtovu kakumumenya patsaya, ndipo munthuyo akukokabe ati akuyesa chingwe chakodwa pachitsulo! Ndinachigwira chingwecho ndi manja mpaka chinandicheka chala, magazi anga ndi a mwana kusakanikirana pa tisheti, anthu angotizungulira mafoni m'mwamba.

Mukudziwa mawu ake oyamba? "Mwana wanuyu amatani kumbuyo kwanga." Pepani olo m'modzi ayi. Kenako kumadandaula kuti tisadule chingwe chake ndi chodula. Chingwe! Munthu wamkulu ndi ndevu zake. Mlonda naye anangotiloza chikwangwani chakuti samalani ndi mbedza, chomwe chinafufutika kalekale ndi dzuwa, basi ntchito wagwira. Mpaka pano ndikaganiza mtima umawira.

Anatithandiza ndi agogo ena omwe ankawedza kumapeto, anabwera ndi pulaya kudula chingwe n'kundigwira dzanja chifukwa ine ndinali nditayamba kale kukoka. Mbedza ili ndi kamnga koloza kumbuyo, ukakoka kamang'amba mnofu. Kuchipatala anabaya jekiseni wochititsa dzanzi, kuikankha mbedzayo kuti itulukire kutsogolo, kudula kamngako kenako kuisolola. Anawonjezera wa kafumbata poti khadi la katemera ndinalibe, paja chilonda chikakhala chauve ndipo padutsa zaka 5 chibayitsireni amabayanso.

Ndiye onani kaye pafoni nthawi yomwe madzi amadzaza ndi kuphwa. Kunyanja ya mchere madzi amadzaza kawiri patsiku ndipo nthawiyo imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene amakwera kwambiri. Akaphwa masitepe otsikira pansi amatsala ndi ndere, poterera koopsa, masilipasi asiyeni. Kusambira pafupi ndi mizati ya jetiyo ayi, pamakhala madzi okokera kunyanja komanso tizigoba tomata pamizatipo timacheka ngati lezala.

Koma pitani ndithu, musaope, ndipo pitani madzulo omwewo, masana kumangotentha palibe choona, nsomba sizigwidwa kwenikweni, ana amaboweka. Asodzi ambiri ndi anthu abwino, amawaonetsa ana nsomba mpaka kuwagwiritsa ndodo, ndiye musamawakanirire padzanja ngati akaidi, asiyeni ayendeyende. Chipewa chophimba makutu chokha avale. Wangayu ali ndi kachipsera koma akundivutitsa daily kuti ndimugulire ndodo yake, mwezi wamawa tikubwererakonso, ndipo bambo uja ndikakamupeza tikamalizitsa nkhani ya chingwe ija.