N'chifukwa chani anyamata a ku Jenin amanyamula mfuti?

Achimwene mwafunsa kuti zimatheka bwanji mwana wa zaka 17 kusiya sukulu n'kukalowa gulu la zida, ine ndiyankha ndi za ku Jenin, ku West Bank, dera la Apalestina, komwe asilikali a Israel akhala akulamulira kuchokera mu 1967. Kampu ya othawa kwawo ya ku Jenin inayamba mu 1953, ndiye taganizani mwana wobadwira mmenemo, agogo ake anachoka kwawo pa nkhondo ya Aluya ndi Israel ya 1948, bambo ake amaima pa rodibuloko maola angapo kuti angofika kuntchito, 2 koloko usiku asilikali athyola chitseko n'kumutenga mkulu wake atamumanga nsalu m'maso. Makhoti a asilikali amazenga ana milandu kuyambira zaka 12, kungogenda mwala basi ndende, ndipo kundendeko ndi komwe amakumana ndi madolo a magulu a Apalestina monga Fatah, Hamas ndi Islamic Jihad, potuluka ndi munthu wina kale.

Onani Zakaria Zubeidi. Ali kamnyamata anawomberedwa mwendo pogenda miyala, anamangidwapo, mu 2002 mayi ake ndi mchimwene wake anaphedwa, iyeyo n'kukhala mtsogoleri wa gulu la zida la Al-Aqsa Martyrs' Brigades ku Jenin.

Koma tisanamizane, magulu amenewa aphanso anthu wamba m'mabasi ndi m'malesitilanti, ndipo kukopa ana amakutha. Zithunzi za omwe anafa amazimata pamakoma ngati ngwazi, mnyamata woti ngakhale ganyu sakuipeza akadutsa pakhomapo tsiku ndi tsiku amayamba kusirira, aphunzitsi ake angalankhule bwanji.