Yankho kwa achimwene a ku Mufakose: airbag ya Caravan yanu ndi matenda ena a galimotoyo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mufakose. Agula Nissan Caravan ya dizilo ya 2005 kwa munthu wa konkuno ku Harare, yemwe anaiitanitsa ku Japan kalekale. Akufuna azinyamulira katundu wa ku Mbare Musika, ndipo Disembala akubwerayu akweze banja lonse kupita kumudzi ku Ntcheu. Tsono mwana wawo wawatumizira uthenga pa WhatsApp wakuti magalimoto ena a Nissan ali ndi airbag yomwe imaphulika n'kuvulaza anthu. Akufunsa ngati zimenezi zili zoona kapena ndi mphekesera za pa foni, komanso ndi mavuto ati amene eni ake a galimoto zoterezi amadandaula nawo.

Achimwene, mwana wanuyo sananame, ndipo mumuthokoze. Nkhaniyi ndi ya kampani ya ku Japan yotchedwa Takata, yomwe inkapangira makampani ambiri a magalimoto ma airbag. Mkati mwa airbag muli kachitini kachitsulo, ndipo m'kachitinimo muli mankhwala omwe amayaka pa ngozi n'kutulutsa mpweya wofufumitsa chikwamacho. Takata inkagwiritsa ntchito ammonium nitrate. Dzinali musalione lachilendo: ndi AN yemweyu amene timathira m'chimanga chikafika m'mawondo. Aliyense amene anasungapo thumba la AN m'nyumba ya chinyezi akudziwa mmene amasinthira, amagwirana n'kuuma ngati mwala kapena kusungunuka. M'kachitini kaja namonso, zaka zikamapita, kutentha kwa masana, kuzizira kwa usiku ndi chinyezi zimawononga mankhwalawo. Tsiku la ngozi amayaka mwamphamvu kuposa muyezo, kachitini kamang'ambika, zidutswa za chitsulo n'kuulukira kumaso ndi pakhosi pa munthu amene airbag imayenera kumuteteza. Ku America kokha anthu oposa 25 anafa motere. Ma airbag pafupifupi 100 miliyoni padziko lonse anakhudzidwa, ndipo Takata inagwa mu Juni 2017.

Apa mpamene pamabwera mawu oti recall. Kampani ikazindikira kuti inalakwitsa popanga chinthu chomwe chingaphe kapena kuvulaza, imadziwitsa boma, imalembera eni magalimoto makalata, n'kuwauza kuti abweretse magalimotowo adzakonzedwe kwaulere. Ku Japan, Caravan zina za mtundu wa E25, womwe unapangidwa kuyambira 2001 mpaka 2012, zinalowa m'gulu limeneli pamodzi ndi X-Trail, Toyota Noah ndi Voxy, ngakhalenso Honda Fit zadzaza m'tauni munozi. Boma la Japan linafika pokhwimitsa zinthu: kuyambira Meyi 2018, magalimoto a m'gulu loopsa kwambiri omwe sanasinthidwe airbag anayamba kukanidwa pa kuyeza kwa boma kotchedwa shaken, ndipo galimoto yopanda shaken siyenda pamsewu kumeneko.

Koma taganizani za galimoto yanuyo. Ma recall akuluakulu a Takata anatuluka kuyambira 2013 kupita m'tsogolo. Ngati Caravan yanu inakwera sitima isanafike nthawi imeneyo, n'kutsikira ku Durban kapena ku Dar es Salaam, kalata ya Nissan, ngati inalembedwa n'komwe, inapita kwa mwini wake wakale ku Japan, munthu amene anaiiwala kale galimotoyo. Ku Mufakose kalata yotero siifika. Ku VID, ofesi ya boma yoyeza magalimoto, amayang'ana mabuleki, magetsi, matayala ndi chiwongolero, za mkati mwa airbag sangazione. Ndipo chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linakhwimitsa lamulo la kuitanitsa magalimoto opitirira zaka 10, ndiye Caravan zakalezi sizikubweranso zatsopano, zomwe zilipo zikungosinthana manja mwa ife tomwe. Wogulitsa aliyense amauza mnzake kuti injini ili bwino, matayala ndi atsopano. Za airbag palibe amene amatchula, chifukwa nayenso sanauzidwe.

Chochita chilipo, ndipo sichilira ndalama. Tengani buku la galimoto muone nambala ya chasisi, kenako muifananize ndi yomwe inadindidwa pa galimoto penipenipo, pakuti nthawi zina m'buku mumalowa zolakwika. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan alibe nambala yaitali ya zilembo 17 yomwe magalimoto a kumayiko ena amakhala nayo. Yanu iyamba ndi zilembo zonga VWE25, kenako kamzere, kenako manambala asanu ndi imodzi. Nissan ya ku Japan ili ndi tsamba pa intaneti pomwe mumalowetsa nambalayo n'kuona ngati pali recall yomwe sinachitidwe. Tsambalo lili m'Chijapani, koma foni ya mwana wanu ikhoza kumasulira. A Toyota ndi a Honda nawo ali ndi masamba otero, ndiye anzanu a HiAce ndi Noah muwauzeko. Mukapeza kuti yanu ili m'gulumo, jambulani tsambalo, pitani nalo kwa ogulitsa Nissan ovomerezeka, muwapemphe akuyankheni molemba ngati angaitanitse chipangizocho. Poti galimotoyo sinagulidwe kwa iwo, mwina mudzayenera kubwererako kangapo, koma musagwe ulesi.

Pa Caravan, airbag imene inkatchulidwa m'ma recall amenewa ndi ya munthu wokhala pambali pa dalaivala. Yang'anani pa dashibodi mbali imeneyo ngati palembedwa SRS AIRBAG, chifukwa ma vani ena onyamula katundu anatuluka ndi ya dalaivala yokha. Ngati ilipo ndipo sinasinthidwe, ine ndikanati mayi a kunyumba ndi ana azikhala kaye m'mipando ya kumbuyo. Ndikudziwa kuti pachikhalidwe chathu mpando wa kutsogolo ndi waulemu, timakhazikapo apongozi kapena abusa, koma muwafotokozere bwinobwino, amva. Chinanso, musalole makaniko wa pansi pa mtengo kuti aizule ndi sikuludiraiva, ndi chinthu chophulika chimenecho. Musagulenso ina yochotsa pa galimoto yangozi kwa ogulitsa zipangizo zakale, mukhoza kungogula matenda omwewo. Ndipo kagetsi ka airbag pa dashibodi sikadziwa kanthu za vuto la Takata. Ntchito yake ndi ina: mukatembenuza kiyi kayake, pakapita masekondi ochepa kazime. Kakapanda kuyaka n'komwe, kayikirani kuti wina anachotsa babu pofuna kubisa vuto.

Tsopano za funso lanu lachiwiri. Mavuto amene eni ake amadandaula nawo tsiku ndi tsiku si a recall ayi, palibe kampani idzakulipirireni. Ambiri amachokera ku ukalamba wa galimoto, katundu wopyola muyezo ndi misewu yathu.

Loyamba, ndipo ndikhalitsapo chifukwa linandionetsa zakuda, ndi kutentha kwa injini. Pa Caravan, monganso pa HiAce, injini ili pansi pa mipando ya kutsogolo. Kuti muone madzi ndi oyilo muyenera kutsitsa anthu n'kutukula mpando, ndiye ambiri timangoti tiona mawa. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi vani yangayanga yomwe inkatenthako pang'ono pokwera mtunda. Makaniko wina anandiuza kuti thermostat, kavalavu kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini, ndi ya kumayiko a chisanu, kuno siifunika, n'kuichotsa. Ndinavomera. Anathiramo madzi a pachitsime, ine n'kunyamuka ulendo wa ku Nyamapanda. Titangodutsa Mutoko ndinamva kafungo kotsekemera, ntchafu yanga ya kumanzere ikutentha ngati ndakhala pafupi ndi mbaula. Poyang'ana muvi unali utafika pofiira. Titatukula mpando, nthunzi inadzaza m'galimoto monse, ana n'kuyamba kulira. Radiyeta inali itatsekeka mkati ndi zoyerayera zija zimamera m'ketulo, ndipo vuto lenileni linali limenelo kuyambira pachiyambi, thermostat inangonamiziridwa. Mutu wa injini unasweka, ndipo ndalama zomwe ndinakonzera zikanakwana maradiyeta atsopano angapo.

Inu mukufuna kudzera ku Tete mu Disembala. Harare ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,500, mpweya wake ndi wozizirirapo. Mukadutsa Nyamapanda mumatsikira kuchigwa cha Zambezi komwe dzuwa limaswa mtengo, kenako mumakweranso kupita ku Zobue galimoto itadzaza anthu, matumba a shuga ndi mabulangete. Injini yomwe imangotenthako pang'ono pa Bulawayo Road idzawira kumeneko. Musananyamuke, radiyeta ichotsedwe akaitsuke mkati, mapaipi onse a rabala muwafinye ndi dzanja injini itazizira, ofewa ngati nthochi yakupsa kapena olimba ngati nkhuni asinthidwe. Chotsekera radiyeta chikhale chatsopano, thermostat ikhalemo, ndipo muthiremo coolant weniweni, madzi a mankhwala oziziritsa injini. Mukaona tinthovu tikutuluka m'madzi injini ikulira, kapena madzi akuchepa koma pansi sipakudontha kanthu, ulendo uyambe waima, mutu wa injini uyezedwe.

Injini ya dizilo ya Caravan yanu ndi ZD30, ya malita atatu. Imakoka bwino, koma siikondwa ndi dizilo wauve. Pampu yake imayendetsedwa ndi kompyuta ndipo ndi yodula kukonza, ndiye dizilo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu mumupewe ngakhale atatchipa bwanji, ndipo fyuluta ya dizilo muzisintha msanga osadikira kuti galimoto iyambe kutsamwa. Eni ake ambiri amadandaulanso za utsi wakuda ndi kuchepa mphamvu pamtunda. Kawirikawiri ndi mwaye womwe wadzaza mu EGR, kavalavu kobwezera utsi wina mu injini, kapena fumbi pa sensa yoyeza mpweya, kapenanso paipi ya turbo yong'ambika. Zonsezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi pampu, choncho makaniko akathamangira kunena kuti pampu yafa asanayang'ane zimenezi, kafunseni kwa wina. Oyilo wa injini ya turbo asamapitirire nthawi yake, ndipo mukafika pa ulendo wautali muziisiya ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse.

Za pansi pa galimoto n'zodziwika kwa aliyense woyenda m'maenje a m'misewu ya Harare nthawi ya mvula: ma ball joint (mfundo zachitsulo zolumikiza tayala ku galimoto) ndi ma bush (timarabala ta m'malumikizano) a kutsogolo amatha msanga, masipuling'i a kumbuyo amagona chifukwa cha katundu. Ball joint ikayamba kugogoda musaizengereze, ikathothoka tayala limapindikira mkati galimoto ili pa liwiro. Ku Kaguvi Street mupeza za mitengo yosiyanasiyana, ndipo pa chipangizo ichi chokha musasankhe chotchipitsitsa. Chitseko chotsetsereka chija chimavuta timawilo take tikadyeka, koma chimenecho n'chongotopetsa, sichidula. Lowaninso pansi ndi tochi muone dzimbiri. Magalimoto ochokera kumpoto kwa Japan, ngati ku Hokkaido, anayenda m'misewu yothiridwa mchere wosungunula chipale, ndipo mapaipi achitsulo a mabuleki amadyeka mwakachetechete.

Matayala ndiwo ndikupemphani mwapadera, achimwene, chifukwa ngozi zambiri za makombi zomwe timamva zimayamba ndi tayala lophulika. Vani imafuna matayala onyamula katundu, olembedwa C kapena LT pambali, osati a galimoto yaing'ono ongofanana kukula. Pambali pomwepo pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2018. Tayala lakale likhoza kuoneka la mano abwinobwino koma rabala yake itauma, ndipo phula lotentha la ku Tete silikhululuka zimenezo. Muone onse asanu, la sipeya lomwe, pakuti limene lija lili pansi kumbuyo mwina linabwera ndi galimotoyo kuchokera ku Japan ndipo silinatsitsidwepo.

Mukaipeza nambala ya chasisi ija koma tsamba la Chijapani likukuzunguzani, nditumizireni pa imelo yomweyi, tidzayang'anira limodzi Loweruka.