Yambirani ku Malombe

Aphunzitsi, mwafunsa komwe mungapite ndi ophunzira anu a jogalafe a kuyunivesite kuti akaone zachilengedwe ndi maso kuno ku Mangochi. Ambiri amathamangira ku Cape Maclear. N'zoona, Lake Malawi National Park, yomwe ili kumeneko, inakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuizindikira ngati malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo nsomba za m'miyala zotchedwa mbuna zimasangalatsa kuziona.

Koma ine ndingayambire ku nyanja ya Malombe. Ndi yosaya, imadzazidwa ndi mtsinje wa Shire, ndipo chambo chinachepa kwambiri kumeneko chifukwa cha makoka a maso aang'ono omwe amakokolola ndi tiana tomwe. Pano asodzi ambiri amadalira tinsomba ting'onoting'ono totchedwa kambuzi. Ophunzirawo akacheze ndi asodzi padoko, ayeze kuya kwa madzi, alembe okha zomwe apeza. Mudzere kaye kwa amfumu, ndipo pagululo pakhale wina wodziwa Chiyao.